Merv Pascoe ndi Mfuti ya Mlamu Wake

Kuno ku Ingham munthu akatchula Merv Pascoe, chimene chimayamba kubwera m'mutu ndi manja ake. Nkhope ndi ya munthu wamba, yopsa ndi dzuwa ngati ya aliyense wokulira pakati pa minda ya nzimbe. Koma manjawo ndi ena. Zikhatho n'zotambalala ngati fosholo, zala zonenepa, zodzaza zipsera, komabe zimatola kasipiling'i kochepa ngati nsidze osakagwetsa. Anagwira ntchito ya umakanika pa fakitale ya shuga zaka makumi anayi ndi chimodzi. Analowapo ali mnyamata wosesa zinyenyeswa za zitsulo, anatulukapo imvi zili mbuu, khutu lakumanzere litayamba kugontha.

Mfuti anazidziwira kwa bambo ake, amene ankasaka nguluwe zowononga nzimbe m'minda ya anthu. Koma Merv ndi magazi sankamwerana madzi. Iye chinkamukoka ndi zam'kati mwa mfuti zam'manja, zija ukangowombera zimalavula khoko n'kudziikira zokha chipolopolo china, zonse m'kuphethira kwa diso. Analowa kalabu ya owombera chandamale asanakwatire n'komwe, kenako anatenga chilolezo chokonza mfuti, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu panalibe mfuti ya m'kalabumo imene sinagoneko mu shedi ya kuseri kwa nyumba yake. Anthu ankamuthokoza ndi mango, nkhanu za m'matope, nthawi zina katoni ya mowa. Koma chimene chinkamukhutitsa kuposa zonsezo anali mawu amene ankamveka pabwalo nthawi iliyonse mfuti ya munthu ikavuta: "Kamuonetse Merv."

Mkazi wake ndi Rina, wa kubanja la Zappala, aja anabwera kuchokera ku Sicily agogo awo akudula nzimbe ndi zikwanje. Rina ali ndi mchimwene wake Silvio, mlimi wamfupi, wamimba, woseka ndi thupi lonse. Chala chake chamkombaphala chakumanja chinadukako nsonga pa tcheni cha makina odulira nzimbe ali ndi zaka makumi atatu. Merv ndi amene anamukokera Silvio ku kalabu, namusankhira mfuti, namuphunzitsa kuima ndi kupuma. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anawombera moyandikana, ndipo m'zaka zonsezo Silvio sanamuposepo mlamu wake pa mpikisano wa pachaka. Ankakhala wachitatu, wachinayi, kamodzi wachiwiri, n'kumaseka. Mkazi wa Silvio atamwalira, zinangokhazikika kuti Loweruka masana amuna awiriwa amakhala mu shedi akudzaza onga m'makoko akale kupanga zipolopolo zawo, Merv akukoka chogwirira cha makina, Silvio akulongolola, ndipo Lamulungu akachoka ku bwalo la chandamale amakadya limodzi pasita ya Rina, chakudya cha kwa makolo awo ku Sicily. Chipolopolo chilichonse chotuluka mu shediyo Merv ankachiika kadontho kobiriwira kumsana, kuti makoko awo asasokonezeke ndi a ena potola.

Lamulungu limene nkhaniyi inayamba linali la mu Ogasiti, nyengo yodula nzimbe ili pachimake. Kunacha kozizira, kumwamba kopanda kamtambo, fungo la shuga wopsa likuchokera ku fakitale. Merv anafika ku bwalo mochedwerako chifukwa anaimitsidwa ndi sitima ya nzimbe yaitali ngati maliro a munthu wolemera. Atatsika pagalimoto anaona anthu asanu ndi mmodzi ataunjikana pa tebulo la pansi pa malata. Atamuona, onse anabalalika ngati ana ogwidwa akunyambita shuga. Anatsala Silvio yekha, dzanja lili pa kabokosi kakuda kamene Merv anali asanakaonepo.

"Alamu, mwanyamula chiyani m'kabokosimo? Mano oikirira?"

"Mano ndasiya kunyumba, lero sindiluma munthu," anatero Silvio. Anaseka, koma kuseka kwake sikunafike kumimba monga mwa masiku onse. "Bwerani muone. Ndimafuna mukhale oyamba."

"Oyamba? Nanga awa athawawa amaona chiyani, nyengo?"

Silvio anatsegula. M'katimo munagona mfuti yatsopano, yakuda bii pamwamba, mbali zake zosalala ngati madzi a m'chitsime, chogwirira cha mtengo wofiirira chosemedwa mocheperako mbali imodzi. Pafupi ndi chokhethemulira, chija chala chimakoka powombera, panali timalemba tating'ono. Merv anaweramira, nabweza mutu m'mbuyo kuti maso agwire, mpaka anawerenga: H. Voigt.

Dzinalo ankalidziwa. Aliyense wowombera chandamale m'dziko muno amalidziwa. Voigt ndi mmisiri wa kumapiri a ku Adelaide amene amatenga mfuti ya m'sitolo, kuiphwasula yonse, n'kuikonzanso kachitsulo ndi kachitsulo molingana ndi dzanja la mwini wake.

"Ndadikira chaka ndi miyezi iwiri," anatero Silvio, akusisita chivindikiro cha bokosi. "Ndinamutumizira chithunzi cha dzanja langa, ndi miyezo yake yomwe."

Chaka ndi miyezi iwiri! Ma Loweruka angati amenewo munthu uyu atakhala pa ndowa yovundikira mu shedi mwake, akukamba za mitengo ya feteleza, za mpira, za bondo lake, koma osatsina khutu za ichi? Mbale zingati za pasita? Ndipo mfuti siibwera ngati phukusi la malaya. Pamafunika chilolezo cha apolisi, pamafunika kalata ya kalabu. Kalata imeneyo amasaina ndi Glenys Ah Sam, namwino wopuma amene ndi mlembi wa kalabu komanso woyang'anira bwalo. Merv anatembenuka kumuyang'ana. Glenys anali kalikiliki kukhoma mapepala a chandamale, msana atalozetsa kwa iye, ngati ntchito imeneyo ikufuna nzeru zake zonse.

"Yokongola," anatero Merv. "Ikhala bwino pa shelefu."

"Simuigwira?"

"Manja anga ali ndi girizi."

Analibe girizi. Anawapisa m'matumba kuti asamupereke, chifukwa zala zinali zitayamba kale kuyabwa.

Glenys anaitana gulu loyamba. Mawu ake ndi aja ankadzutsa odwala m'wodi, safuna chokuzira. "Tsekani makutu, valani magalasi! Silvio, bwera pamzere ndi mkwatibwi wakoyo. Merv, uwombera kapena wabwera kudzaonerera?"

"Ndiyambe ndaona zodabwitsa za ku Adelaide," anayankha Merv.

Anaima kumbuyo kwa mlamu wake, masitepe atatu kumanzere, pamalo pamene anaimapo zaka zonse akumuuza kuti chigongono chatsika, wapuma msanga, wathamangira kukhethemula. M'thumba lakumbuyo munali kansalu kake kokulungamo zida, monga mwa nthawi zonse. Mumtima ankati: mfuti zothinitsa chonchi n'zosachedwa kunyanyala. Kuno si ku Adelaide. Kuno kuli fumbi, kuli chinyezi, kuli phulusa la nzimbe. Tione.

Kachipangizo koyeza nthawi kanalira kuti pii. Silvio anakweza mkono.

Kulira kwake kokha kunali kwina. Mfuti yakale ya Silvio inkalira ngati chitseko cha malata chomenyetsedwa ndi mphepo, n'kudumpha m'manja ngati nsomba yongovuulidwa. Iyi inkangoti pha, pha, pha, mphuno yake kunyamuka pang'ono n'kubwerera pomwe inali, ngati ikugwedezera mutu kuvomera. Makoko ankatuluka motsatana n'kukagwera malo amodzi, moti ukanatha kutchera chipewa n'kuwawakha onse. Merv anayang'ana makokowo nthawi yaitali kuposa chandamale. Iye anali atayesa zaka zambiri kuti mfuti izilavula mofanana chonchi, ndipo inkatero ikakonda.

Atatha kuwombera khumi, Glenys anaonetsetsa kuti mfuti zonse zilibe kanthu, nalola anthu kupita kutsogolo. Pa mtunda wa mamita makumi awiri ndi asanu, mabowo a Silvio anali ataunjikana pakati, moti chikhatho cha mwana chikanawaphimba. Limodzi lokha ndi limene linathawira kumanja.

"Mayo ine!" anatero Silvio, akugwira pepalalo ngati likutentha. "Ndine ndawombera apa? Alamu, taonani!"

"Ndaona. Ilo lakumanjalo mwalikoka ndi chala."

"Iwe Merv," anatero Glenys, "asanu ndi anayi ali pakati, iwe ukuona limodzi?"

"Ndi limene likufunika kukonza."

Anabwerera kumzere. Magazini yachiwiri ya zipolopolo inatha, yachitatu, yachinayi. Merv ankawerenga chipolopolo chilichonse, milomo ikugwedera. Sankafunira mlamu wake choipa, ayi, akanalumbira pamaso pa wansembe. Ankangofuna kamphindi kamodzi kokha koti mfuti ija ikhale chete pakati pa ntchito, Silvio atembenuke ndi nkhope ija yosowa chochita, wina anene mawu aja. Makumi anayi ndi zisanu. Makumi asanu. Mfutiyo inkangodya ngati mwana wathanzi.

Pa chipolopolo cha makumi asanu ndi zitatu, inatsamwa. Chitsulo chapamwamba chinaima panjira, osatseka. Silvio anasunga mfuti italoza kutsogolo monga mwa lamulo, nakweza dzanja lamanzere.

"Ehee! Yatsamwa!"

Munthu akatseka makutu sadziwa kukula kwa mawu ake. Merv ankaganiza kuti wanong'ona. Koma mzere wonse unatembenuka, ngakhale aja anali kumapeto, ndipo anapeza nkhope yake ili ngwee, mano onse pamtunda, dzanja litasolola kale kansalu ka zida. Poti madzi anali atatayika kale, anangopitiriza. "Ndimanena ine. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Bweretsani kuno, alamu, tione zimene akuphikirani anzanu a ku Adelaide."

"Ima pomwepo," anatero Glenys. "Pamzere pano wolamula ndine."

Anachotsa magazini, nakoka chitsulo chija mwamphamvu, chipolopolo chotsamwitsa chinagwera pa tebulo. Anachitola, nachizunguza pakati pa zala, nachiyang'anitsa kudzuwa. Kenako anachigubuduza pa tebulo. Chinayenda motsimphina ngati tayala lopindika.

"Khoko ili n'lotupa kumunsi," anatero. "Latopa, linayenera kutayidwa kalekale. Palibe mfuti ingameze ichi." Anachitembenuza. "Kadontho kobiriwira aka n'ka ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa Merv. Kutali kunkamveka sitima ya nzimbe ikulira pa mphambano.

"Mwina ndine ndinaliponya m'chitini cholakwika dzulo," anatero Silvio mofulumira. "Mukudziwa ine ndikayamba kulongolola."

Linali bodza, ndipo aliyense anadziwa. Silvio sankaloledwa kukhudza makoko mu shedi ija. Merv ndi amene ankawayang'ana limodzilimodzi pansi pa nyale, n'kumadzitama kuti chala chake chimamva chilema chimene diso silingaone. Analandira chipolopolocho kwa Glenys, ndipo chala chake chinamvadi kutupako nthawi yomweyo. Dzulo chinali kuti chala chimenechi? Anachiika m'thumba la malaya. Chifundo cha Silvio chinamuwawa kuposa manyazi.

Silvio anamaliza zipolopolo zotsala popanda vuto lina. Kenako anadzaza magazini, naiika pa tebulo pambali pa mfuti, nabwerera m'mbuyo.

"Alamu, yesani."

"Ndili ndi yanga."

"Ndikudziwa muli ndi yanu. Ndikufuna mundiuze ngati ili bwino. Ine ndingadziwe chiyani? Chilichonse chimene sichindiluma ndimati n'chabwino."

"Tawombera, Merv," anatero Glenys. "Ukapanda kutero ufa ndi chidwi, ndipo ine ndinasiya ntchito yonyamula mitembo."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamupatsa njira. Anapita pamzere akung'ung'udza kuti chogwirira n'chaching'ono, anasemera dzanja la munthu wopanda chala. Koma atangoinyamula anadziwa kuti wagwa m'mavuto. Kulemera kwake kunakhala pakati penipeni pa chikhatho. Anakoka chitsulo chapamwamba kuti alowetse chipolopolo, ndipo chinayenda ngati mpeni m'papaya lakupsa, osagwedera, osakhula paliponse. Anakweza mkono, nayika chala pa chokhethemulira, nayamba kufinya pang'onopang'ono, akudikira kaja kamakhala m'mfuti iliyonse, kakukwekwereza kochepa chitsulo chisanamasuke. Zaka makumi atatu ankalimbana nako kameneko, kukachepetsa, kukabisa, koma osakathetsa.

Kunalibe. Chala chinafika pakhoma, khomalo linangothyoka kuti thyo, ngati kamtengo ka machesi, ndipo mfuti inali italira kale.

Anawombera zonse khumi osapumira bwino. Atapita kutsogolo sanafune kuyang'ana, koma Glenys anachotsa pepalalo n'kulikweza m'mwamba. Mabowo anali atadyana, kupanga bowo limodzi long'ambika loti chitsekerero cha botolo la mowa chikanalibisa. Merv anali asanawomberepo chonchi kwa zaka khumi, mwinanso chibadwire.

"Ndi ameneyo Merv wathu!" anakuwa Silvio, akumumenya pamsana. "Mwaona? Mwaona?"

Anthu anaomba m'manja, koma Merv ankangomva ngati akuombera munthu wina, wakutali, amene sanapondepo ku Ingham. Dzanja linali lomwe lija la Lamulungu lapitalo. Diso lomwe lija. Chosintha chinali chimodzi.

"Nanga mukuti bwanji?" anafunsa Silvio.

"Chokhethemulira chapepuka kwambiri. Chidzakupusitsani tsiku la mpikisano."

Nthawi ya tiyi, ena ali kalikiliki ndi masoseji pa chiwaya, Merv anapempha kuti aione m'kati. Anali ndi chiyembekezo chimodzi chotsala. Ankadziuza kuti masiku ano zonse ndi makina a kompyuta, munthu amangodina batani n'kupita kukamwa khofi, chitsulo n'kutuluka chosalala. Zikakhala choncho, ndiye kuti sanagonje kwa munthu. Anayala kansalu pa tebulo lokonzerapo mfuti, naiphwasula, natulutsa galasi lake lokuzira. Anayang'ana m'njira zimene chitsulo chapamwamba chimayendamo. Anayang'ana kachitsulo kam'kati kamene kamagwira hamala yomenya chipolopolo. Pamenepo anaona timizere tosaoneka ndi maso wamba, topita mbali imodzi, tofanana ngati tsitsi lopesa. Anatidziwa. Makina sasiya timizere totere. Ndi mwala wonolera, wogwidwa ndi zala, munthu atakhala pa mpando kwa maola, akupuma pang'onopang'ono. Voigt ankagwira ntchito monga momwe Merv ankagwirira, ndi zida zomwezo. Kungoti pamene Merv ankati basi zakwana, mnzakeyo ankapitiriza.

Anaibwezeretsa bwinobwino, naipukuta, naiika m'bokosi. Soseji imene Silvio anamubweretsera pa buledi anaisiya pomwepo mpaka nyerere zinaipeza.

Tsiku limenelo Silvio anati sabwera ku nkhomaliro, ali ndi pampu yoti akaione kumunda. Rina anali atayala kale mbale zitatu. Anachotsa imodzi osafunsa kanthu, ndipo kusafunsako n'kumene kunamuulula.

"Nawenso umadziwa," anatero Merv.

"Ndimadziwa."

"Chaka ndi miyezi iwiri, m'nyumba mwanga momwe."

"Ndi m'nyumba mwanganso, ndipo ndi mchimwene wanga. Idya, pasita ikuzizira."

"Ndinamulakwira chiyani? Mfuti yake ndaikonza kangati? Analipirapo? Ikanakhala nkhani yofuna yatsopano, bwenzi tinakagula limodzi, ine n'kumukonzera."

Rina anaika foloko pansi. "N'kumukonzera momwe ukufunira iweyo. Merv, munthu uja chala chake n'chachifupi. Wakuuza kangati kuti safikira bwino, umuchepetsere chogwirira? Ine ndamva ndi makutu angawa, pa tebulo lomwe lino, kosawerengeka. Unkamuyankha chiyani?"

Merv anazunguza foloko m'mbale.

"Unkati vuto si mfuti, vuto ndi mwini wake. Zaka makumi awiri akuwombera ndi mfuti yokonzera dzanja lako. Wapeza munthu amene anamufunsa kuti dzanja lako ndi lotani. Basi. Ankaopa kukuuza chifukwa ankadziwa kuti uchita zimene ukuchitazi."

"Ndikuchita chiyani ine?"

"Ukudya ngati m'mbalemo muli minga."

Mawu a Rina anali oona, ndipo Merv anawamva. Koma choonadi sichinamuziziritse mtima. Akatseka maso ankamva kuthyoka kuja pa chala chake. Lolemba m'mawa anatsekula shedi, napanira mfuti yake pa chopanira, natulutsa miyala yake yonse yonolera. Anati ngati munthu wa ku Adelaide anatha ndi zala khumi, iyenso ali nazo khumi.

Masabata atatu sanapite ku bwalo. Ankanola kachitsulo kogwira hamala, kubwezeretsa, kuyesa, kuphwasulanso. Loweruka Silvio akabwera, ankapeza chitseko cha shedi chotseka, Rina n'kumuuza kuti alamu ake ali pa ntchito ya boma. Kukwekwereza kuja kunachepa, kunachepanso, mpaka tsiku lina Merv anamva ngati kwatsala kamodzi kokha. Anadutsitsa mwala kawiri. Atabwezeretsa, hamala inakana kugwira, inkangotsatira chitsulo n'kugwa yokha. Mwala unali utadya kachitsuloko mopitirira. Mfuti yotero siiloledwa pamzere, ndi ngozi. Kachitsulo kamene kanamutumikira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kanali katasanduka chinyalala, ndipo anakaononga ndi manja ake.

Anaitanitsa kena, nakaika monga kanabwerera, osayerekeza kukakhudza ndi mwala. Sabata yomweyo Rina anamukweza galimoto mpaka ku Townsville kwa dokotala wa maso, amene anapeza ng'ala ikuyamba m'diso lakumanja. Anati adzaichotsa chaka chamawa ikakhwima. Merv analandira nkhaniyo ngati mphatso. Pobwerera anailongosola njira yonse: n'chifukwa chake khoko lija linamudutsa, n'chifukwa chake mwala unapitirira.

"Nanga khumi zija unawombera ndi mfuti ya Silvio, unabwereka diso la ndani?" anafunsa Rina.

Merv anakweza wailesi.

Atabwerera ku bwalo anapeza zinthu zitasintha pang'ono, mokwanira kumupweteka. Anthu ankamubweretserabe mfuti zawo, koma tsopano ankati, "Ungaipange kuti izimveka ngati ya Silvio?" Awiri anali atalembetsa kale kwa Voigt. Silvio mwiniwake sankadzitama. Ankabisa kabokosi kake pansi pa tebulo, akawombera bwino ankati ndi mwayi, ndipo kawiri anauza Merv kuti pa mpikisano akhoza kubwerekana mfutiyo.

"Ndiwombere ndi ya eni? Ndikapambana adzalemba dzina la ndani, langa kapena la Mjeremani wanuyo?"

"Dzina lokha ndilo lachijeremani, alamu, ndi wobadwira ku Adelaide."

"Ndiye azikhala konko."

Mpikisano wa pachaka unachitika mu Novembala, nzimbe zitatha, mitambo ya mvula itayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri. Kunatentha moti thukuta linkalowa m'magalasi. Merv anawombera bwino, bwino kwambiri kwa munthu wa diso la ng'ala ndi mfuti ya chokhethemulira cholimba. Silvio anawombera ngati munthu amene wavula nsapato zothina. Glenys atawonkhetsa, anawonkhetsanso kachiwiri, kenako anavula magalasi ake.

"Silvio Zappala, woyamba. Merv Pascoe, wachiwiri. Kusiyana mapointi anayi."

Silvio sanakuwe. Anayang'ana mlamu wake ngati munthu amene wagunda galu wa mnansi. Merv anapita, namugwira chanza, nafinya mpaka Silvio anatsinzina.

"Mwawombera, alamu," anatero. Anafuna kulekera pomwepo, koma lilime linamutsogolera. "Mwawombera nonse awiri, inu ndi mmisiri wanu."

"Zikomo," anatero Silvio. "Ndimuuza."

Mu shedi ya kalabu muli chishango cha mtengo chokhomedwa timbale tamkuwa, kalikonse kali ndi dzina la wopambana ndi chaka chake. Wozokota maina pa timbaleto, kuyambira kalekale, ndi Merv. Glenys anachitsitsa pakhoma tsiku lomwelo n'kumuikira m'galimoto.

Chinakhala mu shedi ya kunyumba masabata asanu, chitayang'ana kukhoma. Glenys akaimba foni, Merv ankati chozokotera chabuntha. Akaimbanso, ankati diso. Rina anachita kunena kuti pa Khirisimasi mchimwene wake adzadya m'nyumba muno, ndipo akadzapeza dzina lake palibe, Merv adzaphika yekha mpaka Pasaka. M'mawa mwake Merv anakhala pa mpando, nayatsa nyale ngakhale kunali kowala, nagwira ntchitoyo tsiku lonse. Anazokota mosamala kuposa dzina lina lililonse pa chishangocho, chilembo ndi chilembo, mizere yoongoka, yakuya mofanana, moti Silvio ataliona anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso.

Ndi Glenys amene anazindikira, chishango chitabwerera pakhoma. Anaima patsogolo pake nthawi yaitali, kenako anakatenga rula m'kabati n'kuyeza. Zilembo za dzina la Silvio zinali zazifupi ndi milimita imodzi poyerekeza ndi za Merv za chaka chapitacho.

"Iwe Merv, ichi n'chiyani?"

"Dzina lake n'lalitali," anatero Merv, akuthira shuga mu tiyi. "Likanakwana bwanji?"